Ndalama zimalowa m'Zomba, nanga zimagona kuti?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi amene ali ndi golosale ku Matawale. Ndalifupikitsa motere: "Ndachita geni m'Zomba muno zaka 16. Pawailesi timamva kuti chuma cha dziko chakula, ndipo tikuona ndi maso nyumba zikuluzikulu zikumera ku Old Naisi ndi mahositelo ku Chikanda. Koma ine malonda amayenda sabata ya malipiro yokha, ndipo ana a ku Chanco akatsekera kumangoti zii. Ndimalipira laisensi kukhonsolo, katundu amene ndimaoda ali ndi VAT, koma msewu wa kwathu ndi fumbi lokhalokha. Amuna anga amati Zomba inafa tsiku limene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo boma litatsitsa misonkho makampani angabwere. Zoona zake ndi ziti?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Bambo akunyumbawo sakunama, koma agwira mbali imodzi ya nkhani. Likulu linasamukadi mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalira kuno mpaka 1994. Kusamukako kunapweteka, chifukwa maunduna anapita ndi antchito awo, ndipo ogulitsa nyama, osoka masuti ndi eni nyumba za lendi anataya makasitomala. Komabe tawerengani zimene zinatsala. Chancellor College inabwera kuno mu 1973 ndipo lero ndiyo University of Malawi. Kuli Cobbe Barracks, chipatala chachikulu, chipatala cha Mental, ndende yaikulu, MANEB, ofesi ya kalembera ya NSO, Government Print, likulu la Southern Region Water Board, ndi koleji ya aphunzitsi ku Domasi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu ongopitirira 105,000 mumzinda uno. Ndi matauni owerengeka m'Malawi a msinkhu umenewu amene ali ndi anthu ambiri chonchi olandira malipiro pamwezi. Choncho ndalama zimalowa m'Zomba mwezi ndi mwezi. Chimene chikukupwetekani ndi chakuti sizigona.

Tiyerekeze K10,000 imene msilikali wabwera nayo pakauntala panu pa 28. Wagula shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mayunitsi. Inu mwatsala ndi kaphindu kochepa, mwina K1,000, ndipo yotsalayo mwaimanga pachitenje. Lachiwiri m'mamawa mwakwera minibasi ya ku Limbe kukaoda katundu wina. Ndalama ija yagwiridwa ndi manja awiri okha m'Zomba, a msilikali ndi anu, kenako yatsika msewu wa Thondwe, Namadzi, osabweranso. Tsopano K10,000 yomweyo igule mpunga wa ku Likangala ndi matemba a ku Kachulu. Wogulitsa mpunga alipira wakabaza amene anamunyamulira thumba, wakabaza agula mandasi ndi kukonzetsa njinga pa Mpondabwino, wokonza njinga abwera kwa inu kudzagula mchere ndi machesi. Ndalama imodzi yomweyo yadyetsa mabanja asanu isanatuluke. Dera limatukuka ndalama zikamazungulira chonchi, ndipo limauma zikamangodutsa ngati madzi a mvula pathanthwe. Ichi ndicho chimene ndikufuna muchigwire, chifukwa nkhani ya olemera ndi osauka, ya misonkho ndi ya makampani zonse zimabwerera pomwepa.

Mawu akuti "chuma chakula" amene mumamva pawailesi amatanthauza kuti akaphatikiza zonse zimene dziko lapanga ndi kugulitsa m'chaka, chiwerengerocho chaposa cha chaka chatha. Mabanki ndi makampani a mafoni akapindula kwambiri ku Blantyre, chiwerengerocho chimakwera ngakhale ku Mayaka anthu akugona ndi njala. Komanso anthu tikuchuluka. Pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018 tinkawonjezereka ndi 2.9 peresenti pachaka, pamene m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 chuma sichinakule kufika ngakhale 2 peresenti pachaka. Ufa unawonjezereka pang'ono m'lichero, koma pakamwa panachuluka koposa. Munthu aliyense payekha anabwerera m'mbuyo, ndipo zimene munaona pakauntala panu zinali zoona kuposa zimene munamva.

Koma ngakhale chuma chitakula kwenikweni, si nthawi zonse chimafika kwa inu, ndipo umboni wake uli konkuno, m'mabuku a NSO. M'zaka zoyamba za ulamuliro wa Bingu wa Mutharika chuma chinkakula pafupifupi 7 peresenti pachaka. Inali nthawi ya makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005, chimanga chinachuluka, ndipo dziko linkatamandidwa kunja. Kafukufuku wa m'makomo wa 2004/05 anapeza kuti anthu 52.4 pa 100 alionse anali osauka. Wa 2010/11, zaka zabwino zonsezo zitadutsa, anapeza 50.7. M'matauni umphawi unatsika kuchoka pa 25 kufika pa 17, koma kumudzi unakwera pang'ono, kuchoka pa 56 kuyandikira 57. Akatswiri ali ndi muyeso wa kusiyana kwa olemera ndi osauka umene amautcha Gini: ukakhala pa 0 ndiye kuti onse ali chimodzimodzi, ukafika pa 1 ndiye kuti chuma chonse chili m'manja mwa munthu mmodzi. M'zaka zomwezo unakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45. Chuma chinakuladi, koma chinatsamira mbali imodzi. Kafukufuku wa 2019/20 anapeza umphawi uli pomwe paja, pa 50.7. Zaka 15, theka la Amalawi lili pamalo amodzi. Ine chiwerengero chimenechi chimandiwawa mumtima nthawi zonse ndikachiwerenga, chifukwa mkati mwake muli ana amene anabadwa, nakula, nakwatira osaona kusintha.

Mungafunse kuti kulemera kwa mnzanu kukukupwetekani bwanji inu, poti sanakubereni. Taganizirani K5 miliyoni yowonjezera imene yalowa m'thumba la bwana mmodzi. Sadzadya nsima kawiri chifukwa walemera. Adzaitanitsa galimoto ku Japan, matailosi a m'nyumba, mwina fizi ya mwana kunja, ndipo zonsezi zimafuna ndalama zakunja zimene dziko lilibe. K5 miliyoni yomweyo ikagawika m'makomo 100 a kwa Kuntumanji kapena kwa Mwambo, isanduka sopo, chitenje, nsapato za mwana, malata awiri, mbuzi. Isanduka malonda anu. Mzinda uno wazunguliridwa ndi anthu oposa 740,000 a m'boma la Zomba, ndipo msika weniweni wa mzindawu ndi iwowo, osati ana a ku Chanco amene amabwera ndi kupita. Anthu amenewo akakhala opanda kanthu m'manja, ndiye kuti golosale yanu ikudalira sabata imodzi pamwezi, monga mwaonera.

Ndinakhalapo pasikimu ya Likangala nthawi yokolola, ndipo zimene ndinaona zimafotokoza bwino nkhaniyi kuposa matebulo a manambala. Mavenda amafika ndi masikelo awo mpunga usanaume bwino. Mlimi ali ndi ngongole ya feteleza ndi ya aganyu owokera, ina ya katapila, ndipo sangadikire mwezi umodzi kuti mtengo ukwere. Ena anagulitsa kale mpungawo uli m'munda, mu February njala itavuta. Matumba akwezedwa pa lole ali ndi mankhusu omwe. Pakapita miyezi itatu mpunga womwewo wabwerera m'sitolo ya m'tauni muno uli wopuntha, wopeta, m'kapepala kokongola ka makilogalamu awiri, pamtengo umene mlimi uja sangaukwanitse. Thukuta linagwera kwa Mwambo, koma phindu la kupuntha, kusunga ndi kulongedza linakagwera kwina. Ku Kachulu n'chimodzimodzi: msodzi wopanda ayezi alibe mphamvu yokana mtengo, chifukwa dzuwa likakwera nsomba ziyamba kununkha.

Kusiyana kumeneku kumatayitsanso nzeru. Mtsikana wa ku Chingale amene wasiya sukulu chifukwa cha mtunda, yunifomu ndi njala akanakhala namwino kapena mwini chigayo. Mu 2008 ndi 2009 kuno ku Zomba kunachitika kafukufuku wodziwika padziko lonse, mothandizidwa ndi World Bank, pomwe atsikana ndi makolo awo ankalandira ndalama pang'ono mwezi uliwonse. Ambiri amene anasiya sukulu anabwerera, ndipo pakati pa ena mimba ndi maukwati a ana zinachepa. Ofufuza atabweranso patapita zaka ziwiri ndalamazo zitasiya, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zazilala. Ine sinditengapo phunziro lakuti kupereka ndalama kwa osauka n'kutaya, ayi, chifukwa zinagwira ntchito nthawi imene zinkaperekedwa, ndipo Mtukula Pakhomo akupulumutsa makomo ambiri lero. Chimene ndimaona n'chakuti mtsikana uja atatsiriza, panalibe ntchito yomudikira ku Jali kapena ku Songani.

Tibwere ku misonkho, pamene pali mkwiyo wanu weniweni. Anthu a kuno kukayikira msonkho sikunayambe lero. Msonkho wa nyumba wa m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, unkalamulidwa kuchokera ku Zomba konkuno, ndipo unakankhira amuna kukagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze ndalama yolipira. Thangata ndi kulandidwa kwa malo m'mapiri a Shire ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Mabanja ambiri a m'boma lino mpaka lero amalima malo osakwana hekitala imodzi. Ndiye munthu akamafunsa kuti msonkho wanga ukupita kuti, akufunsa funso la makolo ake.

Ndalama zimene mumalipira zimalowa m'matumba awiri osiyana, ndipo ambiri amawasokoneza. VAT, msonkho wa pamalipiro, wa makampani ndi wa pachipata amatolera ndi a MRA, ndipo zonse zimapita m'thumba lalikulu la boma, lija amati Account Number One. Palibe tambala ya VAT ya shuga wanu imene imatsalira kukhonsolo ya Zomba. Imabwerera pokhapokha bajeti ya dziko ikanena choncho, ndipo pobwerera imabwera kwambiri ngati malipiro a aphunzitsi, anamwino ndi asilikali aja. Khonsolo yake ndi laisensi yanu, ziphaso za mumsika, za m'depoti, ndi msonkho wa malo ndi nyumba. Ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ya 1998 inanena kuti boma lizipereka kwa makhonsolo 5 peresenti ya ndalama zake, koma makhonsolo akhala akudandaula zaka zonsezi kuti zimene zimafika n'zochepa ndipo zimachedwa. Kuwonjezera apo, kuchokera 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, ndipo Zomba inakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, mkati mwa zaka zimenezo, popanda munthu wosankhidwa woti mukamufunse za msewu wanu.

Funso lalikulu pa msonkho si kuchuluka kwake kokha, koma amene wausenza. VAT inakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri. Pamlingo umenewo, katundu wa K11,650 ankakhala ndi K1,650 ya boma mkati mwake. Waganyu wa ku Sadzi amene amagwiritsa ntchito tambala iliyonse imene wapeza amalipira msonkhowu pa sopo, shuga, batire ndi mayunitsi, ndipo pa mayunitsi pali msonkho winanso pamwamba. Akakwera minibasi akulipiranso ndalama za misewu zimene zili mumtengo wa mafuta, ngakhale msewu wa kwawo sunaonepo phula. Bwana amene amasunga theka la malipiro ake salipira VAT pa theka limenelo. Pa kwacha iliyonse imene munthu wapeza, wosauka ndiye amapereka gawo lalikulu. N'zoona kuti chimanga ndi zakudya zina zosakonzedwa zilibe VAT, ndipo mu 2022 boma linaichotsa pa mafuta ophikira ndi madzi a m'mipope. N'zoonanso kuti mu 2020 anakweza malipiro osadulidwa msonkho kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000. Zimenezi zinathandiza, koma kukwera kwa mitengo kunameza mpumulowo msanga.

Tsopano yang'anani mbali inayo. Mphunzitsi wa ku Chinamwali sangathawe msonkho, chifukwa amamudula asanaione ndalamayo. Mayi wogulitsa tomato amadulitsa chiphaso tsiku lililonse, wagulitsa kapena sanagulitse. Koma munthu amene ali ndi zipinda 40 ku Chikanda, amene amatolera lendi pamanja kwa ophunzira mwezi ndi mwezi, n'kutheka kuti sadziwika ku MRA ndipo nyumba zake sizili m'kaundula wa khonsolo. Kaundula wa mitengo ya nyumba amayenera kukonzedwanso zaka 5 zilizonse. Akachedwa, nyumba zatsopano zikuluzikulu zija mukuzionazo zimakhala kunja, kapena zimalipira ngati poti pali chitsa. Makhonsolo a mizinda akhala akudandaulanso kuti ngakhale maofesi a boma amakhala ndi ngongole ya msonkho umenewu, ndipo kwa mzinda wodzaza ndi nyumba za boma ngati Zomba, chimenecho n'chilonda chachikulu.

Maganizo anga ndi akuti msonkho wa malo ndi nyumba ndiwo woyenera kuumirira kuno. Nyumba siithawira ku Mozambique, siibisika, ndipo mwini nyumba yaikulu ndiye amapindula kwambiri msewu, ngalande ndi magetsi a mumsewu zikafika, chifukwa mtengo wa nyumba yake umakwera. N'chilungamo kuti alipire molingana. Kuthamangitsa mavenda ndi ziphaso n'kosavuta, koma ndalama zake n'zochepa ndipo zimachokera kwa anthu amene ndalama zawo zikanazungulira mumsika momwemo. Ndikudziwa kuti anthu ambiri akamva mawu akuti msonkho amakumbukira Cashgate ya 2013, pamene ofufuza anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi 6 yokha, ndipo mayiko othandiza anasiya kuthira ndalama mu bajeti. Kukayikira kumeneko n'koyenera. Mankhwala ake si kuleka kutolera, koma kuonetsa: khonsolo ilembe pabolodi pachipata cha msika kuti mwezi uno tatolera zakuti, zakuti zalipira osesa, zakuti zakonza chimbudzi. Anthu amapereka mosanyinyirika akaona chimene agula.

Pali msonkho wina umene palibe amakupatsani lisiti yake, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi umene wakudyerani mpamba koposa yonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2024 mitengo inkakwera kupitirira 30 peresenti pachaka. Inu mukudziwa mmene zimakhalira: mwagulitsa katoni yonse ya sopo ndi phindu pamwamba, mwafika ku Limbe, ndalama yonseyo siikukwana katoni ina. M'buku mwapindula, pashelefu mwachepa. Wolemera amadziteteza pogula malo, njerwa ndi madola. Wosauka ndi wageni yaing'ono amasunga chuma chake m'makwacha, ndipo ndiye amanyungunuka. Apanso kusiyana kuja kumakula popanda wina kukweza dzanja.

Izi zikufotokozanso nyumba zija mukuzionazo. Munthu amene wapeza ndalama m'Malawi muno amaona kuti njerwa ndi simenti sizitsika mphamvu ngati kwacha, ndiye amamanga. Sindikumuweruza, wachita mwanzeru pa iye yekha. Koma nyumba imalemba amisiri ntchito miyezi 8, kenako imasiya mlonda mmodzi ndi wantchito wa m'nyumba. Simenti, malata, mawaya ndi matailosi zonse zachokera kunja kwa Zomba, ndipo nkhuni zootchera njerwa zadula mitengo imene imasunga madzi a mitsinje yathu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama yomweyo ikanakhala makina opunthira mpunga ku Govala ikanalemba anthu ntchito chaka ndi chaka.

Nanga bwanji sakugula makinawo? Apa ndipamene ndikusiyana ndi bambo akunyumbawo. Kampani imalipira msonkho wa 30 peresenti pa phindu, osati pa mpamba. Munthu amene akuganiza zotsegula fakitale amayamba wafunsa ngati phindulo lidzakhalepo n'komwe. Magetsi azikhalapo maola angati patsiku? Msewu umadutsika mu January? Ndipeza madola ogulira zipangizo zikathyoka? Ogula alipo? Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa anakhala manja lende masiku ambiri. Kumuchotsera msonkho munthu amene makina ake ali chete sikumuthandiza kanthu.

Ndipo tinayesapo kale kukopa ndi misonkho. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 utapatsidwa mpumulo waukulu, kuphatikizapo kutsitsa gawo limene boma limalandira pa miyala yokumbidwa. Mu 2014 unaima mtengo wa uranium utagwa padziko lonse. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linataya madola oposa 43 miliyoni m'zaka 6 kudzera m'mpumulowo ndi njira zina zochepetsera msonkho. Kampaniyo inabwera chifukwa miyala inali pamenepo, ndipo inaima chifukwa cha mtengo wa kunja. Msonkho sunali chifukwa chobwerera kapena chochokera. Boma likakhululukira wamkulu, dzenje lotsalalo limakwiriridwa ndi VAT yanu kapena ndi ngongole. Kuno kwathu akuluakulu akukumbukira Changalume, kumene kukumba miyala ya simenti kunkadyetsa mabanja ambiri. Ntchitoyo itaima, deralo linatsala lopanda china chogwira. Dera lotsamira pa kampani imodzi limagwa nayo limodzi.

Ngongole ya boma ndiyo imatseka khomo lina. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wageni wamba akapita kubanki ankauzidwa zopitirira 30. Ndi bizinesi iti yoona mtima imene ingabweze zimenezo n'kutsala ndi kanthu? Boma limabwereka kwambiri m'mabanki omwewo, pa chiwongola dzanja chokoma, ndipo banki imaona kuti kubwereketsa boma n'kosavuta kuposa kutumiza munthu ku Jali kukaona ngati chigayo chiyenda. Ndiye ndalama zimene aphunzitsi ndi anamwino a m'Zomba amasunga m'mabanki a m'tauni muno nazonso zimatuluka, monga K10,000 ija, kusiya alimi ndi banki mkhonde ndi katapila.

Makampani amene angakhazikike kuno si ochokera kutali ayi, ndi amene angagwire zimene Zomba ili nazo kale. Taganizirani makhitchini a mumzinda uno: kubalaki, kundende, zipatala ziwiri zikuluzikulu, sukulu zogonera, ndi ophunzira masauzande a payunivesite. Tsiku lililonse amadya ufa, nyemba, mpunga, mazira, ndiwo zamasamba. Uwu ndi msika wotsimikizika umene maboma ena akanaulakalaka. Mu 2020 boma linakhazikitsa lamulo lakuti mabizinesi ang'onoang'ono azipatsidwa gawo pa zogula za boma. Lamulolo n'labwino, koma limagwa pa chinthu chimodzi: kulipira mochedwa. Kontilakita wamkulu angadikire miyezi 6, koma kopaletivi ya alimi 200 siingadikire ngakhale milungu 6. Boma litangolipira alimi a kuno pa nthawi yake, lingachite zambiri kuposa kukhululukira misonkho kampani iliyonse, ndipo silingataye tambala, chifukwa chakudyacho likugula kale.

Pamwamba pa izi pamafunika nkhokwe zabwino kuti mlimi wa Likangala asunge mpunga mpaka mtengo ukwere, makina opuntha ndi kulongedza pafupi ndi sikimu, ayezi ku Kachulu, ndi pokonzera nandolo. Alimi a nandolo sanaiwale 2017, India atachepetsa kugula, mitengo inagwa pansi ndipo matumba anafumbwa m'nyumba. Wogula mmodzi wakutali akatembenuka, mudzi wonse umalira. Nyanja ya Chilwa nayo si yodalira mwachimbulimbuli: inauma mu 1968 ndi 1995, inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi 2018, kenako namondwe wa Freddy mu March 2023 anabweretsa madzi opitirira muyeso. Chifukwa chake ine ndimawerengera mitengo ya paphiri ngati mpamba, chimodzimodzi makina. Mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Mulunguzi imachokera kumeneko, ndipo damu la Mulunguzi ndilo limamwetsa mzinda wonse. Phiri likapsa ndi kumetedwa, mpunga, nsomba, madzi a m'mipope ndi alendo okwera ku Ku Chawe zonse zimachepa pamodzi.

Za misewu ndinene mwachidule. Msewu wa Zomba–Jali–Phalombe–Chitakale unatenga zaka zoposa 10 kuti uthe, ndipo anthu a ku Chingale, kuseri kwa phiri, akhala akulonjezedwa phula chisankho ndi chisankho. Misewu imeneyi ndi yofunika, koma msewu umayenda mbali ziwiri. Ngati kuno kulibe popunthira ndi posungira, phula limangothandiza malole kutulutsa zokolola mwachangu. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika Liwonde pa mndandanda wa matauni oti akule, ndipo kumeneko kuli njanji yopita ku doko la Nacala. Liwonde ikadzakula, Zomba idzapindula pokhapokha ikakhala ndi katundu wokonzeka woti ikatumize kumeneko.

Inuyo pagolosale panu simungasinthe chiwongola dzanja kapena mphamvu ya kwacha, koma pali zingapo zili m'manja mwanu. Muziika mitengo poyang'ana ndalama imene mudzaodere katoni yotsatira, osati imene munaodera yakaleyo, apo ayi mpamba uzingosungunuka mukuganiza kuti mukupindula. Gwirizanani ndi anzanu a magolosale atatu kapena anayi muzioda pamodzi, galimoto imodzi, mtengo wa ambiri. Patulani shelefu imodzi ya zinthu za kuno, mpunga wa Faya wopeta bwino, nyemba, mtedza, uchi, mazira, zogula mwachindunji kwa alimi kapena kopaletivi. Phindu lake nthawi zambiri limaposa la shuga, silifuna ulendo wa ku Limbe, ndipo mlimi amene mwamulipira lero akhoza kukhala kasitomala wanu pa 15, pakati pa mwezi pamene kumati zii.

Za msewu wa kwanu, musapite nokha ndipo musapite ndi madandaulo okha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo khonsolo ili m'gulu la oyenera kuyankha. Tengani anzanu a geni ndi khansala wa dera lanu, mulembe kalata yofunsa zinthu zitatu: khonsolo inatolera zingati chaka chatha pa msonkho wa nyumba poyerekeza ndi ziphaso za m'misika, kaundula wa nyumba anakonzedwa komaliza chaka chiti, ndipo ndi ndalama zingati zimene zinaikidwa pa misewu ndi ngalande za ku Matawale. Musunge kope la kalatayo lodindidwa tsiku limene mwaipereka, ndipo mukalandira yankho mudzanditumizire, tidzaliwerengere limodzi.